Kachasu Tamunamizira Mokwanira

Bambo wa zaka 40 akatupa mimba, maso n'kuchita chikasu, miyendo n'kudzaza madzi, kenako n'kutisiya patangotha miyezi itatu, pamaliro pake mlandu umakhala utagamulidwa kale. Ena amanong'ona kuti ndi kachasu, adapsa chiwindi. Akakhala kuti mowa sankaulawa n'komwe, amati pali dzanja la munthu, ndipo gogo wina m'mudzimo amayamba kuyang'anidwa ndi diso lofiira. Zigamulo ziwirizi zimatseka nkhani mofanana. Womwalirayo kapena mnansi wake ndiye amasenza mlandu, anthu n'kubalalika, ndipo palibe amene amafunsa ngati mkazi wamasiyeyo, ana ake ndi abale ake obadwa nawo bere limodzi ayenera kukayezetsa magazi.

Ine ndikuti imfa zambiri zotere zimayamba ndi kachilombo kamene kamadziwika bwino, kali ndi katemera wake kwa zaka zoposa 40, ndipo mankhwala okafooketsa ali kale m'zipatala zathu. Dzina lake ndi hepatitis B. Kupitiriza kunamizira kachasu ndi ufiti kukupepuza maboma athu pa ntchito imene akadayenera kuigwira kalekale.

Tiyambe ndi mmene kachilomboka kamagwirira ntchito, chifukwa mkangano wonse wagona pamenepo. Hepatitis B amafala kudzera m'magazi ndi m'madzi ena a m'thupi: kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana pobereka, pakati pa ana aang'ono a nyumba imodzi kudzera m'zilonda ndi m'mabala, pogonana, pobwerekana lezala, potemera mphini ndi lumo limodzi, pobaya ndi jakisoni wogwiritsidwa kale ntchito. Munthu wamkulu akatenga kachilomboka, thupi lake nthawi zambiri limakagonjetsa lokha. Osakwana 5 pa 100 alionse ndiwo amakhala nako mpaka kalekale. Kwa khanda zinthu zimatembenuka. Mwa makanda 10 otenga kachilomboka pobadwa, pafupifupi 9 amakhala nako moyo wawo wonse, popeza chitetezo cha m'thupi mwawo chimakhala chisadakhwime.

Mwanayo amakula bwinobwino. Amapita kusukulu, amakwatira, amalima, amakwera njinga kupita kumsika, osamva kupweteka paliponse. Koma m'chiwindi nkhondo imakhala ili mkati. Chitetezo cha m'thupi chimapha timagawo ta chiwindi tomwe muli kachilombo, chiwindi n'kumera tina, itonso n'kuphedwa. Paliponse pamene pavulala pamatsala chipsera. Pakatha zaka 20 kapena 30 zipserazo zimachuluka mpaka chiwindi chimauma n'kuchita mabumphu. Madokotala amati cirrhosis. Magazi ochokera m'matumbo amalephera kudutsa m'chiwindi cholimbacho, ndiye madzi amadzaza m'mimba, mitsempha ya kummero imatupa, ndipo ikaphulika munthu amasanza magazi. M'kati mwa kufa ndi kumeranso kosalekezako, timagawo tina timasokonekera n'kuyamba kuchulukana mopanda malire. Imeneyo ndiyo khansa ya m'chiwindi. Hepatitis B ali ndi nkhanza inanso: amalowetsa chibadwa chake m'chibadwa cha timagawo ta chiwindi, kotero atha kuyambitsa khansa ngakhale chiwindi chisadaume.

Izi si zongoganizira. Kachizindikiro ka kachilomboka m'magazi adakatulukira Baruch Blumberg cha m'ma 1960, ndipo adalandira nako mphotho ya Nobel mu 1976. Mu 1981 Palmer Beasley ndi anzake adatulutsa zotsatira za kafukufuku wa amuna 22,707 a ku Taiwan. Adapeza kuti amuna okhala ndi kachilomboka adali pachiopsezo cha khansa ya m'chiwindi choposa cha anzawo kuwirikiza ka 200. Dziko la Taiwan silidadikire. Mu 1984 lidayamba kubaya makanda katemera, ndipo ana a mumzinda wa Taipei opezeka ndi kachilomboka adatsika kuchoka pa pafupifupi 10 pa 100 kufika pa osakwana mmodzi pa 100 m'zaka 15. Khansa ya m'chiwindi mwa ana a zaka 6 mpaka 14 idatsika ndi pafupifupi theka. Kuno ku Africa, dziko la Gambia lidayamba ntchito yofanana nayo mu 1986. Katemera woyamba padziko lapansi woteteza ku khansa ya anthu ndi ameneyu.

Tsopano onani kukula kwa vutoli. Lipoti la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO la mu 2024 lidati mu 2022 anthu 1.3 miliyoni adafa ndi matenda a chiwindi oyamba ndi tizilombo ta hepatitis, kukwera kuchoka pa 1.1 miliyoni mu 2019. Imfa 83 pa 100 mwa zimenezi zidali za hepatitis B. Chaka chomwecho Edzi idapha anthu pafupifupi 630,000, malungo pafupifupi 608,000. Phatikizani ziwerengero ziwirizi, simufika pa 1.3 miliyoni. Mu 2022 anthu 254 miliyoni padziko lonse adali ndi hepatitis B, ndipo 65 miliyoni mwa iwo adali m'chigawo cha Africa. Mwa anthu 100 alionse otenga kachilomboka kumene, 63 adali a m'chigawo chathu chino. Komabe funsani mwana wa Sitandade 6 za Edzi, akuyankhani ngati namwino. Funsani mphunzitsi wake za hepatitis B, muona mmene akandire m'mutu.

Wina ati: kodi mukufuna kunena kuti mowa suononga chiwindi? Ayi ndithu, umaononga, ndipo kachasu wa tsiku ndi tsiku atha kuumitsa chiwindi payekha. Likodzo la m'matumbo nalo limasiya zipsera m'chiwindi mwa anthu a m'mbali mwa nyanja ndi mitsinje. Koma munthu wa hepatitis B akamamwa, mowawo umangofulumizitsa moto umene udayaka kale ali khanda. Tikaima pa mowa wokha timalakwitsa kawiri. Timanyoza amayi ndi abambo osamwa amene amwalira ndi matendawa, mpaka achibale awo amachita manyazi kutchula chimene chawapha. Timaphonyanso mwayi wopulumutsa otsala, chifukwa kachilomboka kamayenda m'banja: pamene mwana mmodzi adakatenga kwa mayi ake, abale akenso atha kukhala nako. N'chifukwa chake pamakhala mabanja amene amaika maliro a mimba yotupa kawiri kapena katatu m'zaka zochepa, anthu n'kumati banjalo lidalodzedwa.

Pali chinthu china chimene chimapangitsa kuti chigawo chathu chino chikhale pamoto kuposa madera ena. Chili m'nkhokwe. Mtedza ndi chimanga zikasungidwa zisadaume bwino zimachita chuku, ndipo chuku cha mtundu wa Aspergillus chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu adadziwika nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England mu 1960 chifukwa chodya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Sachoka ndi kuphika kapena kukazinga. Amaononga chibadwa cha timagawo ta chiwindi, makamaka pa kachidutswa kotchedwa p53 kamene ntchito yake n'kuletsa khansa. Mu 1991 akatswiri adapeza chilema chenichenicho m'zotupa za odwala a kummwera kwa Africa ndi a ku Qidong m'dziko la China. Kafukufuku wa amuna oposa 18,000 a ku Shanghai adaonetsa kuti munthu wokhala ndi hepatitis B komanso aflatoxin m'thupi ali pachiopsezo choposa cha wopanda zonsezi kuwirikiza pafupifupi ka 60.

Madokotala a m'migodi ya golide ya ku Johannesburg adaziona izi kale, asadadziwe n'komwe chifukwa chake. Anyamata a ku Mozambique, makamaka ochokera ku Inhambane, ankafa ndi khansa ya m'chiwindi ali ndi zaka za m'ma 20 ndi 30, pamlingo umene udali m'gulu la yokwera kwambiri padziko lonse. Charles Berman adalemba buku la nkhaniyi mu 1951. Patha zaka zoposa 70, koma tikadali kusankha mtedza wabwino kuti tikagulitse, wovunda n'kusinja nsinjiro zothira m'ndiwo ndi m'phala la ana. Ogula a ku Ulaya amayeza mtedza wathu n'kuubweza chuku chikachuluka. Wobwezedwayo ndi wosankhulidwayo amathera m'mimba mwathu.

Khansa imeneyi ikaonekera, nthawi imakhala itatha. Kafukufuku wa zipatala zikuluzikulu za maiko angapo a mu Africa, wotuluka mu 2017, adapeza kuti kunja kwa Egypt odwala khansa ya m'chiwindi ankapezeka nayo ali ndi zaka za m'ma 40, ndipo theka la iwo ankamwalira isadathe miyezi itatu. Amenewa ndi anthu olipira ana sukulu, olima munda wa banja, osunga makolo okalamba. Kuika chiwindi china kapena kudula chotupa msanga ndi zinthu zimene wodwala wa kumudzi sazilota n'komwe. Madzi akatayika saoleka. Choncho nkhondo yonse iyenera kumenyedwa kumayambiriro, ndipo apa ndi pamene ndili ndi mlandu ndi atsogoleri a zaumoyo.

Mlandu woyamba ndi wa katemera wa tsiku lobadwa. WHO imati khanda lililonse lilandire katemera wa hepatitis B asadathe maola 24 chibadwire. Malinga ndi lipoti la 2024 lija, m'chigawo cha Africa makanda 18 okha pa 100 alionse ndiwo ankalandira katemerayu panthawi yake. Chigawo chimene chili ndi matenda atsopano ambiri ndicho chili kumbuyo kwa onse. Maiko ambiri a kuno adasankha kuphatikiza hepatitis B m'katemera wa matenda asanu amene mwana amayamba kulandira ali ndi masabata 6. Dziko la Malawi lidayamba kutero mu 2002. Imeneyi idali ntchito yabwino, ndipo yateteza ana ambiri kuti asapatsirane kachilomboka posewera ndi m'nyumba. Koma kwa mwana amene watenga kachilomboka m'magazi a mayi ake pa tsiku lobadwa, masabata 6 ndi mochedwa. Kachilombo kamakhala katakhazikika kale m'chiwindi. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba.

Zifukwa zimene zakhala zikuperekedwa ndazimva, ndipo ndiziyankha. Choyamba amati kuno ku Africa ana ambiri amatenga kachilomboka kwa anzawo ali aang'ono, osati pobadwa, ndiye katemera wa masabata 6 ndi wokwanira. Gawo loyamba la mawuwa ndi loona, ndipo n'chifukwa chake lachiwiri ndi labodza. Katemera wa masabata 6 akatseka njira yopatsirana pakati pa ana, njira yotsala yotseguka ndi ya mayi kupita kwa mwana, ndipo ndi njira imeneyi imene imasiya ana 9 mwa 10 ali ndi kachilombo ka moyo wonse. Mwana wamkazi wotero akakula adzapatsiranso wake.

Chachiwiri amati amayi ambiri amaberekera kunyumba, ndiye maola 24 sangatheke. M'maiko ena vutoli lilipodi. Koma kafukufuku wa zaumoyo wa m'Malawi wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 91 pa 100 alionse ankabadwira kuchipatala. Ana omwewo amalandira katemera wa BCG ndi madontho a poliyo asadatuluke kapena atangotuluka kumene. Namwino alipo, firiji ilipo, mwana ali pomwepo. Ndipo kumene amayi ena amaberekera kunyumba, kulephera kufikira ana onse si chifukwa chomanira amene ali kale m'manja mwa azamba a kuchipatala.

Chachitatu ndi ndalama. Katemerayu mtengo wake sufika dola imodzi ya ku America pa mwana. Zoona, bungwe la Gavi, limene limathandiza maiko osauka kugula katemera, lidavomereza kuthandiza pa katemera wa tsiku lobadwa mu 2018, kenako n'kuimitsa dongosololo pa nthawi ya Covid-19, ndipo lidatsegula khomo mu 2024. Ana onse obadwa m'zaka zodikirazo adalipira kuchedwako ndi ziwindi zawo. Koma funso langa likupita kwa nduna zathu za zachuma: kodi chinthu chosafika dola imodzi pa mwana chidafunikiradi kudikira kuti a ku Geneva agwirizane kaye? Dziko la Namibia silidadikire chotero, ndipo mu 2024 WHO idalilemekeza monga dziko loyamba mu Africa kufika pamlingo wovomerezeka panjira yothetsa kupatsirana hepatitis B kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana. Namibia ndi mnansi wathu m'bungwe la SADC.

Mlandu wachiwiri ndi wowawa kwambiri. Mankhwala otchedwa tenofovir amafooketsa hepatitis B. Sachotsa kachilomboka m'thupi, koma akamamwedwa tsiku lililonse amakaletsa kuswana, chiwindi chimapuma, zipsera zimasiya kuchuluka, ndipo chiopsezo cha khansa chimatsika. Mayi woyembekezera amene ali ndi tizilombo tambiri m'magazi akamwa tenofovir m'miyezi yomaliza, mwayi woti apatsire mwana umachepanso. Tenofovir yemweyu ali m'piritsi la ma ARV limene anthu mamiliyoni ambiri m'chigawo chino amalandira mwaulere. Dziko la Malawi ndilo lidatsogolera dziko lapansi mu 2011 poyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi HIV, ndipo maiko ena adatengera.

Ndiye taganizirani amayi awiri okhala pabenchi imodzi kusikelo. Woyamba ali ndi HIV komanso hepatitis B. Ayezedwa HIV, apatsidwa ma ARV, ndipo mosadziwa chiwindi chake ndi cha mwana wake zatetezedwa. Wachiwiri ali ndi hepatitis B yekha. Kwa zaka zambiri, m'zipatala zambiri za kuno, mayi ameneyu ankauzidwa kuti magazi ake ali bwino, n'kubwerera kwawo osadziwa kanthu, pamene mankhwala amene akadamuthandiza adali m'kabati ya chipinda choyandikana. Sindikuchitira nsanje odwala Edzi. Zimene adapeza adazimenyera nkhondo, ndipo n'zoyenera. Ndikudandaula kuti tidalola ndalama za abwenzi akunja kutisankhira matenda oti tiziwaona. Padziko lonse, mwa anthu 100 okhala ndi hepatitis B, 13 okha ndiwo adali atayezedwa pofika mu 2022, ndipo pafupifupi 3 okha ndiwo ankalandira mankhwala. WHO idati mtengo wa tenofovir pamsika wa padziko lonse ndi madola 2.4 pamwezi. Kale madokotala ankati malamulo oyambitsira mankhwala amafuna makina oyezera amene zipatala za maboma zilibe. Mu March 2024 WHO idafewetsa malamulowo kuti anthu ambiri athe kuyamba mankhwala pogwiritsa ntchito kuyeza magazi kosavuta. Chifukwa chimenechonso chatha.

Amene akuti dziko losauka silingathe aone zimene zidachitika ku Egypt ndi kachilombo kena, hepatitis C, kamenenso kamaumitsa chiwindi ndi kuyambitsa khansa. Kuyambira cha m'ma 1950 mpaka m'ma 1980, boma la Egypt linkabaya anthu a m'midzi ya m'mbali mwa Nile mankhwala a likodzo ndi majakisoni obwerezabwereza osaphitsidwa bwino, ndipo kachilomboka kadafalikira mpaka pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa 10 adali nako. Hepatitis C alibe katemera, koma amachizika ndi mapiritsi a masabata 12. Mankhwala a sofosbuvir atatuluka ku America mu 2013 ankagulitsidwa madola 84,000 pa munthu mmodzi. Egypt idakambirana za mtengo, idalola makampani a m'dzikomo kupanga mankhwalawo, ndipo kuyambira mu October 2018 idayeza anthu pafupifupi 50 miliyoni m'miyezi 7. Mu 2023 WHO idati Egypt ndi dziko loyamba padziko lonse kufika pamlingo wa golide panjira yothetsa hepatitis C. Rwanda nayo idakhazikitsa ndondomeko yake mu 2018. Pofika mu 2024 mankhwala ochiza hepatitis C ankatha kupezeka pa madola 60. Chidasintha ku Egypt n'chakuti boma lidaona vutoli kukhala lake.

Ifenso eni ake tili ndi mbali yathu. Lezala limodzi pa anyamata khumi kuchinamwali, lumo limodzi la sing'anga pa odwala onse a tsikulo, makina ometera osatsukidwa, jakisoni wa dokotala wa m'khonde: zonsezi ndi njira za kachilomboka, ndipo hepatitis B amapatsirana mosavuta kuposa HIV, amathanso kukhala wamoyo m'magazi ouma kwa sabata yathunthu. Mwambo utha kupitirira mwana aliyense ali ndi lezala lakelake. Komanso tisasale opezeka nako. Kachilomboka sikafala podyera mbale imodzi, pogwirana chanza kapena pokhosomola, ndipo mayi wokhala nako ayenera kuyamwitsa mwana wake amene walandira katemera. Ambiri adakatenga ali makanda, asadadziwe n'komwe dzina lawo. Tikawaloza chala monga tidachitira ndi odwala Edzi poyamba paja, adzabisala, ndipo tidzawaona mimba itatupa kale.

Mu 2016 maiko onse a m'bungwe la WHO, athu omwe, adalonjeza kuti pofika 2030 adzachepetsa matenda atsopano a hepatitis ndi 90 pa 100, imfa ndi 65 pa 100. Koma pakati pa 2019 ndi 2022 imfa zidakwera. Pa 28 July chaka chilichonse, tsiku lobadwa la Blumberg, akuluakulu amavala malaya olembedwa uthenga, kuyenda ndawala, kulankhula, n'kubwerera ku maofesi. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndiye nduna za zaumoyo za m'chigawo chino zimve zimene tikufuna. Khanda lililonse lobadwira kuchipatala libayidwe katemera wa hepatitis B lisadatuluke m'chipinda choberekera, ndipo lobadwira kunyumba lifikiridwe ndi wazaumoyo wa m'mudzi tsiku lomwelo. Mayi aliyense woyembekezera ayezedwe hepatitis B pamodzi ndi HIV ndi chindoko, ulendo umodzi. Tenofovir aperekedwe mwaulere kwa aliyense womufunikira, kaya ali ndi HIV kaya alibe. Anamwino ndi madokotala, amene amagwira magazi tsiku ndi tsiku, alandire katemera. Mtedza ndi ufa zogulitsidwa m'misika yathu ziyezedwe chuku monga momwe timayezera zopita kunja.

Kwa inu owerenga, ngati kwanu kudachitika maliro a mimba yotupa ndi maso achikasu, musakhutire ndi zimene zidanenedwa pasiwa. Pitani kuchipatala mukapemphe kuyezedwa hepatitis B, mutenge ndi abale anu. Akakuuzani kuti zoyezera palibe, funsani chifukwa chake, ndipo funso lomwelo mukalifunsenso phungu wanu wa ku Nyumba ya Malamulo.